Makadi a Adada Mhango M'beseni la Buluu

Ndiyambe ndi kunena kuti cholinga changa chinali chabwino. Ndanena izi poyambirira penipeni chifukwa mukafika pakati pa nkhaniyi, pamene amuna a ku Amereka akusambira m'beseni lochapira, mwina simudzafunanso kumva mbali yanga.

Munali m'zaka za m'ma 1970. Ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8 kumudzi kwathu ku Ntchisi, dzina langa osatuluka, ndipo amalume anga, omwe ankayendetsa lole ya matabwa, ananditenga kupita nane ku Mzuzu. Anakandisiya ku Katawa, pakhomo pa bambo Mhango a ku ofesi ya za nkhalango, kuti ndizisesa, kuchapa ndi kusita. Pakhomopo panalibe zoti bwana kapena dona. Ndinauzidwa kuti ndiziti adada ndi amama. Amama NyaChirwa, akazi a bambo Mhango, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi, kenako anati:

"Tikuyesa mwezi umodzi. Ukalephera, mwana wa mlongo wanga ali ku Ekwendeni akudikira malo ano. Wapulika?"

Chitumbuka sindinkachidziwa, koma nkhope yawo inandimasulira. Ndinagwada n'kuvomera. Kubwerera ku Ntchisi sindinkafuna n'komwe kukuganizira. Amayi anga anali atauza mudzi wonse kuti mwana wawo wapeza ntchito m'tauni, ndipo anthu anandiperekeza mpaka pamsewu ngati ndikupita ku Joni.

Amama NyaChirwa anali ndi mipingo iwiri. Woyamba unali wa Lamlungu. Wachiwiri unali kuyera kwa zovala. Anandiphunzitsa mwambo wonse: sopo, kuyanika pa udzu kuti dzuwa ligwire ntchito yake, kutsukuluza m'madzi a buluu womangidwa m'kansalu, sitachi wa chinangwa, kenako simbi ya makala. Kolala iliyonse ankayikweza m'mwamba n'kuiyang'ana pa kuwala ngati dokotala.

"Chinthu choyera chikachita chikasu," ankatero, "ndiye kuti mwini wake ndi waulesi. Palibe chifukwa china."

Ine ndinkadabwa ndi buluu ameneyu. Zimatheka bwanji kuti uthire mtundu wa thambo pa malaya n'kutuluka oyera kuposa kale? Ndinkatha kuima pa beseni nthawi yaitali ndikungoyang'ana madziwo. (Aphunzitsi anga ankati ndili ndi mutu wofufuza. Mayeso sanagwirizane nawo.)

Tsopano za bokosi. Adada Mhango anaphunzira za mitengo ku Amereka, ndipo kumeneko ankakhala m'nyumba ya mkulu wina wachikulire amene anawakonda ngati mwana wake. Potsanzikana, mkuluyo anawapatsa kabokosi ka thabwa kodzaza makadi. Kankakhala m'kabati pabalaza, ndipo kukabwera alendo aulemu kankatulutsidwa tiyi atatha.

Tsiku loyamba kuwaona makadiwo ndinali ndikupukuta tebulo. Masiku amenewo mawu oti khadi anali ndi tanthauzo limodzi basi, chija unkaonetsa pachipata cha msika kapena pokwera basi. Ndiye ndinafunsa mwaulemu wonse:

"Adada, kodi ku Amereka munthu mmodzi amagula makadi a chipani ochuluka chonchi?"

Adada anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasuzumira pawindo n'kutsitsa mawu. "Iwe, zimenezo usakanene panja. Awa ndi osewera mpira wa kwawo, wotchedwa besibolo. Ana ankagula chingamu, m'katimo n'kupezamo khadi. Ena mwa awa ndi akale kuposa ine."

Anandilola kuwagwira m'mbalimbali. Kutsogolo kunali amuna a zipewa, ena atasenza chibonga paphewa ngati akudikira wakuba, ena atavala chigolovesi chachikulu dzanja limodzi lokha. Kumbuyo kunali timanambala tosamveka. Koma ine chinandigwira mtima si anthuwo ayi, ndi mapepala ake. Ena kumbuyo anali otuwa ngati phulusa, ena oyererako ngati mkaka. M'mphepete mwa chithunzi, momwe munayenera kukhala moyera, ena anali achikasu ngati tiyi wochepa mkaka, ena ofiirira ngati fodya wopachika. Ndipo panali awiri a munthu mmodzimodzi, chipewa chomwecho, kumwetulira komweko, koma wina kumbuyo kotuwa wina koyera, wina chipewa chofiira ngati tomato wina ngati papaya.

Ndinawayang'anitsitsa mapasawo, ndipo ndi nzeru zonse zimene amama anandipatsa ndinapeza yankho. Mmodzi anali waukhondo, mnzakeyo anali wakuda.

Mwezi wanga uli pafupi kutha, kunabwera uthenga woti mkulu wa ku Amereka uja anamwalira, ndipo mwana wake ali m'dziko muno, adzadutsa pa Mzuzu Loweruka la sabata yotsatira kudzamwa nafe tiyi. Madzulo ake adada anayala makadi onse patebulo n'kugwira tsaya.

"Taonani mmene achitira chikasu," anauza amama. "Chinyezi cha kuno chawamaliza. Adzati sindinasamale mphatso ya bambo ake." Ananyamula kakhadi kena kakang'ono kuposa onse, kofiirira kuposa onse. "Makamaka aka. Mkulu uja anapatsidwa ndi bambo ake ali mwana."

Ine ndinali chiimire pakhomo ndi thireyi ya makapu. Ndinaona mwayi wanga. Ndikawayeretsa makadiwa mwakachetechete, adada adzatsegula bokosi pamaso pa mlendo n'kupeza zonse zili mbuu, ndipo mnyamata wa ku Ekwendeni adzakalambira komweko.

Ndinayamba mosamala, chifukwa ndine munthu wosamala. M'mawa adada atapita kuntchito ndinatenga mmodzi wa mapasa aja, wotuwayo, ndi labala yanga ya kusukulu, n'kufuta pakona. Sipanasinthe. Ndinafuta mwamphamvu mpaka pepala linayamba kuchita ubweya. Pansi pa kutuwa panali kutuwa kwina. Munthu wanzeru akanaimira pomwepo n'kudzifunsa ngati khadilo silinabadwe choncho. Ine ndinangoti, ha, litsiro ili lalowa mpaka m'mafupa.

Ndiye ndinapita ku sitepe yachiwiri ya mwambo, dzuwa. Ndinasankha atatu achikasu n'kuwaika padenga la malata la khola la nkhuku, timiyala pamwamba kuti asauluke. M'mawa uliwonse ndinkawakweza, madzulo adada asanabwere n'kuwabweza m'bokosi. Unali mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale Mzuzu amakumbukira kuti kuli dzuwa. Patapita masiku angapo ndinawayerekeza ndi anzawo otsala m'bokosi, ndipo ndinakhala pansi. Chikasu chinali chitawonjezeka, koma zipewa zofiira zinali zitasuluka, nkhope zitayezuka ngati anthu odwala malungo.

Kunena zoona, mantha anabwera pambuyo. Choyamba ndinachita chidwi. Dzuwa lomweli limayeretsa malaya a adada, nanga bwanji pepala likulipsereza? Ndinang'amba nyuzipepala yakale pakati, theka ndinaika padenga, theka pansi pa mphasa yanga. Yapadenga inachita chikasu, yapansi pa mphasa inakhala momwemo. Ndinasangalala kwambiri ndi zimene ndinapezazi, mpaka ndinakumbukira kuti tsopano ndili ndi makadi atatu oipa kuposa mmene ndinawapezera, lina lachinayi la ubweya pakona, ndipo mlendo akubwera mawa lake.

Kunatsala buluu.

Lachisanu limenelo amama anavala bulauzi yawo yoyera n'kupita ku msonkhano wa amayi a mpingo. Ndinatunga madzi m'beseni kuseri kwa nyumba, ndinazunguliza kansalu ka buluu pang'ono chabe, ndinapemphera mwachidule, n'kunyika khadi limodzi. Kulowetsa n'kutulutsa, basi.

Abale anga, linayera. Musamve za wina aliyense, ine ndinaona ndi maso angawa. M'mphepete muja munali tiyi munaoneka mbee, ndipo mwamuna wa chibonga uja anaoneka ngati wangochokera kosamba. Ndinalipanira pachingwe n'kuvina ndekha pafupi ndi beseni. Ndinathamangira m'nyumba n'kusankha onse amene anali achikasu kwambiri, odzaza dzanja, pamodzi ndi kakang'ono kaja ka mkulu womwalira. Ndinaganiza kuti poti awa ndi akuda kwambiri, afunika buluu wambiri ndi nthawi yokwanira. Ndinafinya kansalu mpaka madzi anada bii, ndinawamiza onse, n'kupita kukakoleza makala a simbi.

Pobwera ndinapeza amwa. Pepala si nsalu, limamwa ndipo silibweza. Amene anali achikasu pang'ono anasanduka a buluu. Amene anali achikasu kwambiri anabiriwira ngati ndere za pachitsime. (Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti chikasu ndi buluu zikakumana zimabala mtundu wa msipu. Kusukulu anatiuzapo, koma tinalibe penti yoti tionere.) Ndinawavuula msanga n'kuwapanira pachingwe, pakati pa masokosi a adada ndi nsalu ya patebulo, ndipo anayamba kupindika mmodzimmodzi ngati masamba a chinangwa ofota.

Ndili chiimire choncho, ndinamva kumbuyo kwanga:

"Mwe! Wachita vichi, iwe mwana?"

Amama anali atabwera, Baibulo kukhwapa. Ndinagwada m'matope a pabeseni n'kufotokoza zonse, kuyambira labala mpaka khola la nkhuku. Ndinkayembekeza kuti andiuza ndikamange katundu. Koma iwo anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa chingwe, akuyang'ana mwamuna aliyense kumaso, mpaka anafika pa loyamba lija. Analichotsa n'kulikweza pa kuwala, monga ankachitira ndi kolala.

"Ili ndiye layera," anatero motsitsa.

"Eya, amama."

"Layera chomene." Analibwezera pachingwe. "Vuto lako ndi dzanja. Buluu sathira ngati mchere wa m'nyemba. Tandigwirira Baibuloli. Tunga madzi ena, titsukuluze."

Anapinda manja a bulauzi. Tinatsukuluza. Buluu sanachoke, koma makadi anayamba kumatuka, chithunzi kupita kwake, msana kupita kwake, ngati khungwa la nzimbe. Ndinaona kuti khadi lililonse linali mapepala angapo omatidwa pamodzi, ndipo ndinafuna kuwawerenga, koma amama anandimenya padzanja.

"Usaonerere! Bweretsa sitachi."

Tinawamata ndi sitachi wa chinangwa, mutu uliwonse pa msana umene tinkaganiza kuti ndi wake. Ndinatenga simbi kuti ndiwawongole.

"Leka, iwe uwotcha. Patsa kuno."

Anayala kampango pamwamba n'kusita okha, lilime lili pakona pa mlomo. Loyamba linatuluka lowongoka, lolimba gwa, lonyezimira ngati kolala ya abusa. Lachiwiri chimodzimodzi. Amama anayamba kuimba nyimbo ya kumpingo chapansipansi. Kenako inafika nthawi ya kakang'ono kaja. Mwina makala anali atayaka kwambiri, mwina kapepalako kanali katatopa ndi moyo. Atachotsa kampango, tinapeza nsonga ya simbi yadindika pachifuwa pa mwamunayo, yofiirira bwinobwino, ndipo theka la nkhope yake linali litatsalira pa kampango.

Nyimbo inatha. Tinayang'anana nthawi yaitali, ine ndi mayi amene ankafuna kundichotsa ntchito.

"Uwaike pansi penipeni pa bokosi," anatero. "Azungu sachedwa pa tiyi. Aona apamwamba basi."

Mlendo anafika Loweruka masana. Anali wamtali, dzina lake bambo Tomu, tsitsi lometedwa mokhotakhota chifukwa anamudula pabwalo la ndege polowa m'dziko, poti nthawi imeneyo mwamuna wa tsitsi lalitali sankaloledwa. Anapereka moni wa "monile" umene anauphunzira m'njira, amama anayankha "yewo, yewo" akumwetulira ngati munthu wopanda mlandu. Ine ndinkathira tiyi. Chingerezi changa cha Sitandade 8 chinkagwira mawu amodziamodzi, koma mwayi wake adada ankamasulira zonse kuti amama amve.

Asanatsegule bokosi, adada anapepesa nthawi yaitali za chinyezi cha Mzuzu ndi chikasu. Mlendo anatenga khadi lapamwamba, analitembenuza, n'kuseka.

"Akuti anali achikasu chonchi iye ali mwana," adada anamasulira, nkhope ikumasuka. "Akuti ndi mtundu wa ukalamba, ndipo osunga makadi amaukonda. Akuti khadi lakale likayera kwambiri amalikayikira, amati wina walichita chipongwe."

Amama anamwa tiyi wawo osaphethira.

Kenako bambo Tomu anapeza mapasa aja, ndipo anawomba m'manja. Adada anamasulira kuti osindikiza chikatoni choyera chikawathera ankapitiriza ndi chotuwa, ndipo inki tsiku lina inkachuluka tsiku lina kuchepa, choncho munthu mmodzi ankatuluka mitundu iwiri. Palibe wakuda, palibe waukhondo, onse anabadwa choncho. Anthu amayenda maulendo kufunafuna awiri otere. Mlendo anasisita chala pakona ya ubweya ija n'kukwinya pang'ono.

Ndiye anafunsa za kakang'ono ka agogo ake.

Adada anafukula okha, akumwetulira. Kumwetulirako kunatha pang'onopang'ono pamene zala zawo zinafika pansi. Anatulutsa wa buluu. Anatulutsa wobiriwira. Anatulutsa wina amene mutu wake unali utamatidwa chadodolido pa msana. Pomaliza anatulutsa kakang'ono kaja, ka theka la nkhope ndi chizindikiro cha simbi pachifuwa.

"Chinyezi," amama anatero, akutembenukira kwa amuna awo. "Muwauze, a dada ake. Chinyezi cha Mzuzu n'choopsa chomene."

Adada sanamasulire. Bambo Tomu anatenga kakhadiko n'kukagogoda ndi chikhadabo, ndipo kanalira ngati kachitini. Anakayang'ana nthawi yaitali kwambiri. Kenako anakafikitsa pamphuno n'kununkhiza. Maso ake anachita misozi, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Ananena mawu ochepa chapansipansi. (Patapita zaka adada anandiuza kuti anati kakununkhira ngati tsiku lochapa la amayi ake.) Anakabwezera m'bokosi mosamala, anamaliza tiyi wake, ndipo sanafunse funso lililonse. Ulemu umenewo unapweteka kuposa chikwapu.

Galimoto ya mlendo itapita, adada anatseka chitseko n'kutembenuka.

"Kodi chinyezi cha Mzuzu chinaphunzira liti kusita?"

Anandiyang'ana ine, zala zanga zikadali za buluu m'zikhadabo. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Lole ya amalume ako idutsa Lolemba. Ukonzeke."

"Yewo, adada," ndinatero, chifukwa ndi Chitumbuka chokha chimene ndinali nacho. Ndinaona kale msewu wa ku Ntchisi, ndi anthu onse aja anandiperekeza ataima m'mbali mwake.

Amama anasonkhanitsa makapu mmodzimmodzi, anawaika pa thireyi, anakonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale. Kenako anati, osayang'ana munthu:

"Simbi ndinagwira ndine."

"Mwati bwanji?"

"Buluu anathira ndi mwanayu. Sitachi ndi simbi ndine. Ngati lole ikutenga ochapa makadi, muwauze asunge malo awiri."

Adada anakhala pampando pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana ine, anayang'ana bokosi. Munthu wina aliyense akanadziwa kuti iyi ndi nthawi yotseka pakamwa. Koma ine funso linali litandikhala pakhosi sabata yonse.

"Adada, pepani. Nanga n'chifukwa chiyani dzuwa limayeretsa nsalu koma pepala limalichititsa chikasu?"

Amama anatseka maso. Adada anandiyang'ana ngati aona nyama yachilendo m'nkhalango yawo. Kenako, ndi mawu otopa, anayankha, poti anali munthu wa mitengo ndipo sakanatha kulisiya funsolo.

"Pepala ndi mtengo wopera. Thabwa latsopano ukalisiya padzuwa limatani?"

"Limafiira, adada."

"Basi. Pepala nalonso. Ngakhale m'bokosi limafiirabe, koma pang'onopang'ono." Anapukusa mutu. "Funso labwino chomene. Ukanalifunsa usanatunge madzi."

Lolemba lole inadutsa, ine ndili kuseri ndikuchapa. Ndinakhala pakhomo pamenepo zaka zambiri, ndipo dzina la mnyamata wa ku Ekwendeni silinatchulidwenso. Koma kabati anaigulira loko, ndipo bokosi lija silinatulukenso pamaso pa alendo. Nthawi zina Lamlungu masana ndinkawaona adada atalitsegula okha, akuyang'ana kakhadi ka theka la nkhope, ndipo ndinkadutsa mwakachetechete ndi tsache langa.

Phunziro ndinalitenga: chinthu chakale chili ndi ufulu wooneka chakale, ndipo munthu afunse asanathandize. Ana anga ndawauza zimenezi kambirimbiri. Komabe, tikakhala awiriwiri ine ndi inu, khadi loyamba lija linayera. Ndimakhulupirirabe kuti cholakwika chinali muyeso wa buluu basi. Chaka chatha ndinaona kuti setifiketi yathu ya ukwati yayamba chikasu m'mphepete, ndipo ndinangofunsa mkazi wanga, mongocheza, ngati m'sitolo akugulitsabe buluu. M'mawa mwake setifiketiyo inasamukira kwa mng'ono wake ku Msongwe, ndipo akuti ndikafuna kuiona ndizipita ndi mboni.